Vinyo wa Pinot Noir m'Kutentha kwa ku Nkopola: Mafunso ndi Mayankho pa Kasungidwe ndi Kalawidwe Kake

Ku Nkopola, dera la m'mphepete mwa nyanja ya Malawi lomwe lili kumpoto kwa tauni ya Mangochi pa msewu wopita ku Monkey Bay, kuli mahotela ndi nyumba zogona alendo zomwe zimalandira anthu a misonkhano, a maukwati ndi ongodzapuma, ndipo pa matebulo a malo amenewa pamafika vinyo wochokera kunja, makamaka ku South Africa. Eni dera ambiri ndi Ayao, ndipo ochuluka mwa iwo ndi Asilamu amene salawa chakumwa choledzeretsa chilichonse, kotero nkhani ino ikukhudza gulu lochepa: ogula katundu wa mahotela, operekera zakumwa, ophunzira ntchito yosamalira alendo, ndi akuluakulu owerengeka amene amagula botolo labwino n'cholinga cholisunga zaka zingapo. Pakati pa mitundu ya vinyo wofiira, pinot noir ndi mmodzi mwa osachedwa kuonongeka akasungidwa mosasamala, ndipo n'chifukwa chake amaonetsa bwino zimene kutentha kwa kunyanja kumachita pa botolo lomwe silinatsekulidwe n'komwe.

Kodi pinot noir n'chiyani, ndipo akusiyana pati ndi vinyo wina wofiira?

Pinot noir ndi dzina la mtundu wa mphesa zakuda, ndiponso la vinyo amene amapangidwa ndi mphesazo. Kwawo kwa mphesazi ndi chigawo cha Burgundy kum'mawa kwa France, chomwe pa mabotolo chimalembedwa kuti Bourgogne, makamaka zitunda za miyala ya laimu zotchedwa Côte d'Or, zomwe zayambira pafupi ndi mzinda wa Dijon n'kutsetserekera kummwera kupyola tauni ya Beaune. Amonke a ku Cîteaux, amene chipani chawo chinayamba m'chaka cha 1098, analima minda ya kumeneko kwa zaka mazana angapo, ndipo munda wawo wozingidwa ndi mpanda wamiyala wa Clos de Vougeot ulipo mpaka lero. M'chaka cha 1395 Philippe le Hardi, yemwe ankalamulira Burgundy, analamula kuti mphesa za mtundu wa gamay zizulidwe pofuna kuteteza mbiri ya vinyo wa pinot, ndipo mu 2015 bungwe la UNESCO linaika minda ya m'zitundazi m'kaundula wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse.

Kusiyana kwa vinyoyu ndi anzake kumayambira pa khungu la mphesa. Madzi a m'kati mwa mphesa zambiri zakuda sakhala ofiira, ndipo kufiira kwa vinyo kumachokera ku khungu lomwe limaviikidwa m'madziwo pa nthawi imene yisiti ikusandutsa shuga kukhala mowa. Khungu ndi njere zimaperekanso tanini, chinthu chomwe chimaumitsa lilime ndi nkhama monga amachitira tiyi wopanda mkaka amene wakhalitsa m'ketulo, ndipo tanini yemweyo amathandiza kuteteza vinyo wofiira ku mpweya. Popeza khungu la pinot noir ndi lopyapyala, vinyo wake amakhala wofiira mopepuka ndi wa tanini wochepa pomuyerekeza ndi cabernet sauvignon kapena shiraz, koma wowawasa bwino ndi wonunkhira kwambiri. Ulemerero wake wonse uli pa fungo, ndipo fungolo ndi limene limayamba kufa botolo likatenthedwa. Wogula asamusokoneze ndi pinotage, amene amapezeka kawirikawiri m'masitolo a m'Malawi: ameneyo ndi mtundu wina, umene Abraham Izak Perold wa ku yunivesite ya Stellenbosch anaupanga pokwatitsa pinot noir ndi mphesa za cinsaut m'zaka za m'ma 1920, ndipo vinyo wake ndi wakuda ndi wolimba kuposa wa kholo lake.

Nanga botolo lofika kuno limachokera kuti, ndipo n'chifukwa chiyani mphesazi sizilimidwa ku Mangochi?

Pinot noir amafuna dziko lozizira kumene mphesa zimapsa pang'onopang'ono, chifukwa zikapsa mofulumira shuga amachuluka, kuwawasa kumatha, ndipo fungo limakhala la jamu. Matsango ake ndi othinana, choncho mvula ikagwa pa nthawi yakupsa amavunda msanga, ndipo m'Malawi nyengo yotentha ndi yomweyo imene imabweretsa dzinja. Vinyo wopangidwa m'dziko muno, monga wa Linga wa ku Lilongwe, amachokera ku zipatso zina.

Gwero lapafupi ndi chigwa cha Hemel-en-Aarde kuseri kwa tauni ya Hermanus ku South Africa, chomwe chimaziziritsidwa ndi mphepo ya kunyanja yamchere. Tim Hamilton Russell anagula malo kumeneko mu 1975 atafunafuna dera lozizira, vinyo wake woyamba anatuluka mu 1981, ndipo mu 1989 munda wa Bouchard Finlayson unatsegulidwa m'chigwa chomwecho. Pambuyo pake panabwera Newton Johnson, Creation ndi ena, komanso Paul Cluver wa ku Elgin. Kutali kuli vinyo wa ku Willamette Valley ku Oregon, kumene David Lett anabzala pinot noir m'zaka za m'ma 1960, wa ku Central Otago ndi Martinborough ku New Zealand, ndi wa ku Germany kumene mphesazi zimatchedwa Spätburgunder. Chaka chimene chimalembedwa pa botolo ndi chaka chimene mphesa zinakololedwa, ndipo popeza ku South Africa amakolola cha mu Febuluwale pamene ku Burgundy amakolola cha mu Seputembala, mabotolo awiri a chaka chimodzi amasiyana msinkhu ndi theka la chaka.

Kodi m'botolo lotsekedwa mumachitika chiyani zaka zikamapita?

Pinot noir wabwino asanalowe m'botolo kawirikawiri amakhala atagona kale pafupifupi chaka chimodzi kapena chaka ndi theka m'migolo ya mtengo wa thundu, yomwe ku Burgundy imalowa malita 228 umodzi, ndipo m'migolomo amapuma mpweya pang'ono kudzera m'thabwa. Louis Pasteur, m'kafukufuku wake amene anasindikizidwa mu 1866, anaonetsa kuti tizilombo tosaoneka ndi maso ndi timene timasasitsa vinyo, ndiponso kuti mpweya wa okosijeni uli ndi mbali ziwiri, popeza wochepa umakhwimitsa vinyo pamene wochuluka umamupha. M'botolo, okosijeni wochepa kwambiri amene anatsekeredwa m'khosi ndi m'chitsekerero amapitiriza ntchitoyo mwakachetechete, ndipo zinthu zitatu zimasintha nthawi imodzi.

Choyamba ndi mtundu. Tinthu tofiira tochokera ku khungu timalumikizana ndi tanini, tina timalemera n'kugwa pansi ngati nsenga, ndipo vinyo amene anali wofiira mowala ndi kachizindikiro ka pepo amayamba kuoneka ngati njerwa yootcha, makamaka m'mphepete mwa tambula. Chachiwiri ndi kakhalidwe kake m'kamwa, chifukwa tanini akasintha chonchi saumitsanso nkhama, ndipo vinyo amamveka wosalala. Chachitatu, chomwe ndi chifukwa chenicheni chosungira pinot noir, ndi fungo. Ali wamng'ono amanunkhira zipatso zofiira, monga masitiroberi ndi mabulosi amene amagulitsidwa pa msewu wokwera phiri la Zomba, kapenanso chidede, pamodzi ndi kautsi ndi kafungo ka vanila kochokera ku mgolo. Pakapita zaka fungo la zipatso zaziwisi limabwerera m'mbuyo n'kukhala la zipatso zouma, ndipo pamabwera fungo lina limene silinali m'mphesa kapena m'mgolo: la bowa, la masamba ofota pansi pa mitengo, la dothi limene lalandira mvula yoyamba, la chikopa, nthawi zina la fodya wochizidwa bwino. Akatswiri amatcha limeneli fungo la gawo lachitatu, polisiyanitsa ndi loyamba la chipatso ndi lachiwiri la kapangidwe.

Vinyo amatchedwa wokhwima pa nyengo imene fungo lachitatu lafika koma la chipatso lisanachoke. Nyengoyi ikadutsa amakhala atakalamba, ndipo m'tambula mumatsala kuwawasa kokha ndi fungo la masamba ouma. Kuwawasa sikuchepa kwenikweni ndi zaka, ndipo ndi kumene kumagwiriziza pinot noir m'malo mwa tanini wochuluka amene anzake amadalira.

Kodi pinot noir aliyense amakoma moonjezereka akasungidwa?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya ndalama. Vinyo wochuluka pa dziko lapansi amapangidwa kuti amwedwe m'zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo pinot noir wotsika mtengo akasungidwa zaka khumi amangozilala. Mbiri ya mabotolo ngati la Romanée-Conti la 1945, lomwe linagulidwa madola 558,000 pa msika wa Sotheby's ku New York mu 2018, imapangitsa anthu kuganiza kuti ukalamba wokha ndi chuma, chikhalirecho munda umenewo sukwana mahekitala awiri ndipo vinyo wotere ndi wosowa.

Ku Burgundy vinyo amaikidwa m'magulu anayi malinga ndi munda umene wachokera. Pansi pali wolembedwa Bourgogne chabe, amene amakoma m'zaka ziwiri mpaka zisanu. Pamwamba pake pali wa dzina la mudzi, monga Gevrey-Chambertin, Chambolle-Musigny, Vosne-Romanée, Pommard kapena Volnay, amene kawirikawiri amafika pachimake pakati pa zaka zisanu ndi khumi. Kenaka pali premier cru, kutanthauza minda yosankhika ya m'mudzimo, ndipo pamwamba penipeni pali grand cru, minda 33 yokha m'chigawo chonse, imene vinyo wake wa chaka chabwino amatha kupirira zaka 20 kapena kuposerapo. Pinot noir wabwino wa ku Hemel-en-Aarde amapindula ndi zaka zisanu mpaka khumi. Nyengo ya chaka chokolola nayo ili ndi mawu: zaka za 2005, 2010 ndi 2015 zimatamandidwa ku Burgundy chifukwa cha vinyo wokhalitsa, pamene mu 2003 kunatentha kwambiri moti alimi anakolola mu Ogasiti, ndipo mu 2021 chisanu cha mu Epulo chinapha mphukira n'kuchepetsa zokolola. Ziwerengero zonsezi zimagwira ntchito pa botolo lomwe lagona pamalo ozizira kuyambira tsiku lomwe linatsekedwa, ndipo pa botolo la ku Nkopola ziyenera kuchepetsedwa.

Kodi malo abwino osungira ndi otani, ndipo n'chifukwa chiyani kunyanja kuli kovuta chonchi?

Vinyo amafuna kuzizira kwa madigiri 12 mpaka 14 kosasinthasintha, chinyontho cha m'mpweya cha 60 mpaka 70 pa 100 aliyense kuti chitsekerero chisaume, mdima, ndi bata lopanda kugwedezeka. Botolo la chitsekerero cha khungwa limagonekedwa chammbali kuti vinyo azikhudza khungwalo. Khungwa limeneli limasendedwa ku mtundu wa thundu wa ku Portugal ndi Spain kamodzi pa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo likauma limafota n'kulowetsa mpweya. Botolo la chitsekerero chachitsulo chopotokola, chomwe vinyo wambiri wa ku New Zealand ndi wina wa ku South Africa amabwera nacho, likhoza kuimikidwa popanda vuto.

Anthu a ku Burgundy amapeza zonsezi kwaulere pokumba chipinda pansi pa nyumba, chifukwa nthaka ya pansi mamita angapo imasunga kutentha kofanana ndi kwapakatikati kwa chaka chonse m'deralo, komwe kwa iwo ndi madigiri 11 kapena 12. Lamulo lomwelo ndi limene limalepheretsa njirayi ku Nkopola. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475 okha pamwamba pa nyanja yamchere, kutentha kwapakatikati kwa chaka ku Mangochi kuli cha m'madigiri 24 kapena 25, ndipo dzenje lokumbidwa kumeneko, ngakhale litazama bwanji, silingazizire kuposa pamenepo. Kuonjezera apo madzi a pansi ali pafupi, ndipo mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwake. Madzi a m'nyanja nawo sangathandize, popeza pamwamba pake amakhala pa madigiri 24 mpaka 28 malinga ndi nyengo. Mphepo ya mwera imabweretsa mpumulo mu Juni ndi Julayi, koma mu Okutobala ndi Novembala masana amapitirira madigiri 30 tsiku ndi tsiku, ndipo m'chipinda cha malata chopanda siling'i mumatentha koposa pamenepo.

Asayansi ali ndi lamulo lachidule lakuti kusintha kwa zinthu zosakanikirana kumafulumira pafupifupi kawiri pa madigiri 10 aliwonse oonjezera. Potsatira lamuloli, botolo losungidwa pa madigiri 23 limakula kawiri kuposa la pa madigiri 13, ndipo la pa madigiri 33 limakula kanayi. Wina akhoza kuganiza kuti kumeneku ndi kupindula, kuti vinyo wa zaka khumi apezeka m'zaka zitatu, koma kusintha kosiyanasiyana kwa m'botolo sikufulumira mofanana. Fungo la chipatso limatha msanga, mankhwala a sulufule amene wopanga anathira kuti ateteze vinyo amatheratu, mtundu umada, pamene fungo lachitatu limene limafuna nthawi silinafike. Chotsatira chake ndi vinyo wophikika, wonunkha jamu wopserera, amene wadumpha kukhwima n'kukafika ku ukalamba. Kusinthasintha kwa kutentha kumaononga mwa njira inanso: vinyo akatenthedwa amafufuma kuposa galasi n'kukankha chitsekerero, akazizira amabwerera n'kukoka mpweya wa kunja, ndipo botolo lopuma chonchi usana ndi usiku limalowetsa okosijeni wochuluka m'miyezi yochepa. Motero msinkhu weniweni wa botolo la kunyanja umadziwika powerenga zaka pamodzi ndi kutentha kumene ladutsamo, ndipo pa ziwirizi lebulo imanena chimodzi chokha.

Kodi wogula angadziwe bwanji kuti botolo linaonongeka kale panjira?

Katundu wochokera ku Cape amayenda makilomita oposa 3,000 pa msewu, kudzera ku Johannesburg, Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete asanalowe pa chipata cha Mwanza, ndipo Tete ndi umodzi mwa mizinda yotentha kwambiri m'chigawo chino cha Africa. Thiraki yosaziziritsa ikaima pa chipata masiku awiri mu Novembala, vinyo wa m'katimo akhoza kutaya zaka zake asanafike n'komwe ku Blantyre. Ndiponso chiyambire pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 aliyense mu Novembala 2023, botolo lakunja ndi lodula, ndipo botolo lodula limakhalitsa pa shelefu, nthawi zina pafupi ndi zenera kapena pansi pa nyali.

Zizindikiro zooneka ndi maso ndi zingapo. Chitsekerero chikatumphuka kupitirira mlomo wa botolo, kapena kachipewa kokuta mlomowo kakakhala komata ndi kosatheka kupotokola, vinyo anafufumapo. Mzere wouma wofiira wotsika pa khosi mpaka pa lebulo ndi umboni wakuti anatayikira. Mpata wa pakati pa chitsekerero ndi vinyo uyenera kukhala waung'ono pa botolo la zaka zochepa, ndipo ukaposa masentimita atatu kapena anayi pa botolo losakwana zaka khumi, pali chifukwa chokayikira. Lebulo yofuwa imasonyeza kuti botolo linakhala padzuwa. Njira yanzeru kwa hotela ndi kuitanitsa vinyo wosungidwa pakati pa Meyi ndi Ogasiti, kugula wa chaka chaposachedwa amene sanakhalitse m'manja mwa ena, ndi kufunsa wogulitsa mosapita m'mbali kumene katunduyo anagona.

Nanga hotela kapena banja la ku Nkopola lingachitepo chiyani?

Yankho lodalirika ndi firiji yopangidwira vinyo, yomwe imaikidwa pa madigiri 13 n'kusiyidwa pomwepo. Mafiriji amenewa alipo a mitundu iwiri, ndipo kusankha molakwa kumadula. Ena ali ndi kompuresa ngati firiji wamba, ndipo amatha kulimbana ndi Okutobala. Ena ang'onoang'ono, opanda kompuresa ndi osachita phokoso, amangotsitsa kutentha ndi madigiri 10 mpaka 15 kuchokera pa kwa m'chipinda, kotero kuti amalephera pa nthawi yomwe akufunika kwambiri. Firijiyo iikidwe m'chipinda cha m'kati mwa nyumba, kutali ndi khitchini ndi jenereta.

Funso lalikulu ndi la magetsi. Gawo lalikulu la magetsi a m'Malawi limachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, umene umatuluka m'nyanja pafupi ndi Mangochi pomwepo, ndipo namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022 dziko linakhala ndi magetsi operewera kwa nthawi yoposa chaka. Wosunga vinyo kwa zaka khumi ayenera kuyembekezera kuti nyengo yotere idzabweranso, choncho firiji yake ilumikizidwe ku mabatire a sola kapena ku jenereta. Firiji yodzaza imasunga kuzizira nthawi yaitali kuposa yopanda kanthu, ndiye mipata yotsala idzazidwe ndi mabotolo a madzi, ndipo magetsi akazima chitseko chisatsekulidwe. Choyezera kutentha chimene chimasunga chiwerengero chapamwamba ndi chapansi ndi chotsika mtengo, ndipo chimaulula zimene zachitika mwini ali kutali.

Amene alibe zonsezi ali ndi njira ziwiri zoona. Yoyamba ndi kusunga mabotolo kumtunda, popeza kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse okwera, ndipo nyumba ya ku Dedza kapena ya pa phiri la Zomba ili ndi mwayi umene ya kunyanja ilibe. Botolo litsike tsiku lomwe likufunika, m'bokosi loziziritsa. Yachiwiri ndi kugula pang'ono n'kumwa msanga. Mabuku a ku Ulaya amaletsa kusunga vinyo m'firiji ya chakudya, chifukwa pa madigiri 4 kukhwima kumangotsala pang'ono kuima ndipo mpweya wouma umafotetsa khungwa, koma langizoli linalembedwera anthu amene kabati yawo ili pa madigiri 18. Ku Nkopola, kwa miyezi ingapo, firiji ya chakudya ndi yabwino kutalitali kuposa kabati, bola botolo likulungidwe m'pulasitiki kuti lisatenge fungo la nsomba ndi anyezi. Makatoni osiyidwa pansi amaitana chiswe, ndipo mphemvu zimadya lebulo.

Kodi botolo lokhwima limatsekulidwa ndi kuthiridwa motani?

Liimikidwe pamalo ozizira kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti nsenga zikhale pansi, ndipo chitsekerero chizulidwe pang'onopang'ono chifukwa khungwa lakale limafumbutuka. Pinot noir amamveka bwino pa madigiri 14 mpaka 16. Langizo lakuti vinyo wofiira amwedwe pa kutentha kwa m'chipinda linachokera ku nyumba zamiyala za ku Ulaya, ndipo pa khonde la ku Nkopola limatulutsa chakumwa chofunda chimene chimangomveka ukali wa mowa. Botolo litulutsidwe likadali pa madigiri 12 kapena 13, likhale m'ndowa ya madzi ozizira okhala ndi ayezi pang'ono, ndipo m'tambula muthiridwe pang'onopang'ono chifukwa vinyo amafunda m'mphindi zochepa. Ayezi asalowe m'tambula. Tambula yoyenera ndi ya mimba yaikulu ndi mlomo wopanikiza, yodzazidwa gawo limodzi mwa magawo atatu kuti fungo lipeze malo osonkhana.

Kutsanulira vinyo m'chotengera china chagalasi kumathandiza wamng'ono amene fungo lake lili lobisika, koma kwa wokhwima n'koopsa, popeza mpweya wochuluka ukhoza kumaliza m'theka la ola zimene zaka 15 zinamanga. Ambiri ku Burgundy amathira vinyo wakale kuchokera m'botolo mwachindunji, n'kusiya madzi omaliza pamodzi ndi nsenga.

Kodi kulawa kwenikweni kumayenda bwanji, ndipo wokhwima amasiyanitsidwa bwanji ndi woonongeka?

Wolawa ayambe ndi malo. Utsi wa mankhwala othamangitsira udzudzu, wa nyama yootcha ndi mafuta onunkhira odzola zimaphimba fungo la pinot noir kotheratu, ndipo madzulo a kunyanja zonsezi zimapezeka pamodzi. Tambula ipendekedwe pa nsalu yoyera kuti mtundu uoneke: kufiira pakati ndi mphepete ya mtundu wa njerwa ndi chizindikiro chabwino pa vinyo wa zaka zisanu ndi zitatu, koma mtundu wa khofi pa vinyo wa zaka zitatu ukunena za kutentha. Kupepuka kwa mtundu sikutanthauza kuchepa mphamvu. Kenaka anunkhize asanagwedeze tambula, agwedeze, anunkhizenso, chifukwa fungo lina limatuluka pokhapokha vinyo akakumana ndi mpweya. M'kamwa afufuze zinthu zinayi: kuwawasa kumene kumatulutsa malovu, tanini ngati ali wokhakhala kapena wosalala, kulemera kwa vinyo pa lilime, ndi kutalika kwa nthawi imene kukoma kumatsala atameza. Chomalizachi ndi chimene sichinama, popeza vinyo wapamwamba amamvekabe patapita theka la mphindi pamene wamba amazimirira nthawi yomweyo.

Zilema zili ndi fungo lodziwika. Fungo la katoni yonyowa kapena la chipinda cha nkhungu limachokera ku mankhwala otchedwa TCA, amene asayansi a ku Switzerland anawazindikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo amabwera ndi chitsekerero chodwala, kotero wosunga alibe mlandu ndipo botolo liyenera kubwezedwa. Fungo la apulo wovunda kapena la mtedza wakale limasonyeza kuti mpweya unalowa. Fungo la viniga kapena la mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo ndi ntchito ya tizilombo. Kafungo ka machesi oyatsidwa kumene pa botolo longotsekulidwa nthawi zambiri kamachoka patapita mphindi khumi, ndipo sichifukwa chobwezera. Chovuta kwa woyamba kumene ndi chakuti fungo la bowa ndi la dothi, lomwe ndi mphotho ya kudikira, limamveka lachilendo kwa amene anazolowera vinyo wotsekemera wa m'mabokosi, ndipo woperekera zakumwa wosaphunzitsidwa akhoza kutaya botolo labwino kapena kuumiriza mlendo kulipira lakufa. Muyeso wake ndi chipatso: ngati pansi pa bowa ndi dothi pakumvekabe chipatso chofiira, ndipo fungo likutseguka mphindi zikamapita, vinyo ali moyo.

Kodi munthu angadziwe bwanji tsiku loyenera kutsekula?

Ndi botolo limodzi sangadziwe, ndipo n'chifukwa chake osunga vinyo amagula mabotolo asanu ndi limodzi kapena khumi ndi awiri a munda umodzi ndi chaka chimodzi. Loyamba limatsekulidwa atangogula kuti pakhale poyerekezera, lachiwiri patapita chaka kapena zaka ziwiri, ndipo zimene zamveka zimalembedwa m'kope pamodzi ndi tsiku: mtundu, fungo, tanini ndi kutalika kwa kukoma. Kopelo likaonetsa kuti botolo latsopano silikuposa lam'mbuyo, otsalawo amwedwe m'chaka chomwecho. Pinot noir wina amadutsa nyengo imene fungo lake limabisala, kawirikawiri pa zaka zitatu kapena zinayi, n'kudzatsegukanso, ndipo amadziwika chifukwa mtundu wake umakhala ukadali wowala ndi tanini wolimba. Botolo lalikulu la lita ndi theka limakhwima mochedwa kuposa la mamililita 750, popeza mpweya wa m'khosi ndi wofanana koma vinyo ndi wochuluka kawiri. Kumalo otentha kutsekula msanga ndi chaka chimodzi kumataya zochepa kuposa kuchedwa ndi chaka chimodzi.

Kodi amagwirizana ndi chakudya cha kunyanja, ndipo wotsala m'botolo amatani?

Tanini wochuluka akakumana ndi mafuta a nsomba amasiya kukoma kwa chitsulo m'kamwa, ndipo popeza pinot noir ali ndi tanini wochepa, ndi mmodzi mwa mitundu yowerengeka ya vinyo wofiira imene imayenda ndi nsomba. Wamng'ono wozizira bwino amagwirizana ndi chambo chootcha pa makala kapena kampango, amene mnofu wake ndi wonona. Wokhwima amafuna chakudya chofatsa cha fungo la nthaka, monga nkhuku yachikuda, bakha, nkhanga, kapena bowa wa m'dzinja wophikidwa popanda zokometsera zambiri. Tsabola wa kambuzi amatentha lilime moti palibe chimene chimatsala choti munthu alawe, ndipo usipa wouma wa mchere wambiri umamugonjetsa.

Botolo la mamililita 750 limatulutsa matambula asanu ndi limodzi a mamililita 125, ndipo mowa wake uli pakati pa 12.5 ndi 14 pa 100 aliyense, kuposa kawiri wa mowa wa m'mabotolo umene anthu anazolowera, kotero ndi loyenera kugawana anthu anayi kapena asanu a zaka zoposa 18, amene sayendetsa galimoto kapena kukwera bwato usiku umenewo. Ukalamba wa vinyo suchepetsa mphamvu ya mowa kapena kuopsa kwake pa thupi. Wotsala wa botolo laling'ono msinkhu amapirira masiku awiri akatsekedwa n'kubwezedwa m'firiji, makamaka akatsanuliridwa m'kabotolo kakang'ono kodzaza mpaka pakhosi. Wa zaka khumi kapena kuposerapo sagona, ndipo pa chifukwa chimenechi hotela siyenera kumugulitsa pa tambula. Akatsala, m'mawa mwake apite kukhitchini akaphikire nyama.